Penti wa pa kasitima ka abambo

Ku esiteti penti anali wamtundu umodzi, wobiriwira ngati tiyi yemwe. Akatsala kufakitale abambo ankabwera naye m'chitini, ndipo Khirisimasi ikayandikira ankapaka chilichonse chosathawa: chitseko, mipando, ndowa, ngakhalenso kasitima koseweretsa kachitsulo kamene bwana wina, yemwe abambo ankamuphikira, anawasiyira pobwerera kwawo. Ife tinabadwa kali kobiriwira kale.

Abambo atamwalira, amayi anayamba kunena kuti kasitimako kanabwera kofiira. Achimwene, omwe amakhala ku Limbe, anati ndi ukalamba umenewo. Dzulo aiwala mchere, lero sitima yafiira, ndiye bola awatenge akakhale nawo m'tauni, bedi awagulira kale. Zinandiwawa, chifukwa amayi kuwachotsa pa nthochi zawo n'kuwapha.

Ndinagula lezala ku Luchenza n'kuyamba kupala kasitimako pang'onopang'ono kuti ndipeze penti wofiirayo. Pansi pa wobiriwira ndinapeza wobiriwira, pansi pakenso wobiriwira. Abambo anga sankadumpha chaka. Patatha masiku atatu ndinali ndisanamalize ndi denga lomwe.

Loweruka achimwene anabwera ndi akazi awo. Alamu angawo ndi munthu wosafuna kuona chinthu chakuda, poto wawo mutha kumetera ndevu. Ine nditapita kumsika, iwo anandimvera chisoni. Anatenga mchenga ndi phulusa n'kukhala nako kasitimako kuseri.

"Alamu, ntchito ya masiku atatu ija ndakumalizirani," anatero ndikufika, akundipatsa chitsulo chambee.

Ndinafuna kulira. Penti yense anali atapita ndi madzi otsukira, wa abambo ndi wa eni ake yemwe. Achimwene anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye umboni wako ndi umenewu?"

Amayi anangotambasula dzanja. Anakatembenuza chagada, n'kupempha mpeni. Anamasula kachitseko ka pansi, pamene pamakhala sipuling'i yokayendetsa, pomwe burashi kapena mchenga sizinafikepo. M'katimo munali mofiira psuu.

"Tsiku limene bambo ako anabwera nako ndinali ndi pakati pa iweyo," anawauza achimwene. "Ndinakabisa mumphika kuopa angati taba. Mchere ndiye ndimaiwaladi, mwanawe. Koma pita ukawauze a ku Limbe kuti bedi lija agonepo alendo."