Chaka Chomwe Agogo Anasiya Kuthira Mchere

Kwathu, chakumtunda kwa msika wa Mitundu, mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Amaitana mwana kuti amuthirire, kuopa kudwalitsa a pakhomo. Agogo, amene anandilera mayi atamwalira, anali atasiya kusamba ine ndisanabadwe n'komwe. Mchere ankathira okha, mochulutsa.

Ndili Sitandade 6, tsiku lina anandiitana ndikutsuka mbale.

"Iwe, tabwera undithirire mchere m'chigwadamu."

Ndinathira. Mawa lake anandiitananso. Mwezi unatha, wina n'kulowa, akundiitanabe. Zitenje zomwe kale ankandiponyera kuti ndichape anayamba kuchapa okha, n'kumaziyanika kuseri kwa bafa. Akadzuka pamphasa ankacheuka kaye, kuyang'ana pomwe anakhala.

Mayi nawo anayamba choncho. Ndinali wamng'ono, koma fungo la m'chipinda mwawo sindinaliiwale. Tsopano linali m'nyumba mwathu.

Chaka chomwecho azaumoyo anabwera kusukulu kudzabaya atsikanafe katemera wa khansa ya khomo la chiberekero. Namwino anati maiko onse agwirizana zoti matendawa atheretu, choncho amayi athu azikayezetsa asanamve kupweteka. Atatchula zizindikiro, anzanga anabisa nkhope m'madiresi, akuseka. Ine ndinakumbuka zitenje za agogo kuseri kwa bafa.

Mdzukulu safunsa agogo ake za m'thupi, n'chipongwe. Ndinabwereka foni kwa aneba n'kuimbira mayi aang'ono, okwatiwa ku Nathenje. Anafika pa kabaza mawa lake.

"Amayi, ndamva kuti mchere akukuthirirani ndi mwana."

Agogo anandiyang'ana nthawi yaitali. "Kamwana kosayankhula aka, kumaso ndiye kakuthwa. Chabwino, ndabwerera utsikana. Ndipezereni mwamuna, wa njinga yamoto."

Palibe anaseka.

"Mawa tilawirira kuchipatala," anatero mayi aang'ono.

"Ndikavule pamaso pa ana oti ndinawaona akukwawa? Nanga fodya wanga asoka ndani?"

"Amayi, achemwali tinawaika chifukwa cha mawu omwewa."

Anapita. Anabwerako dzuwa litapendeka, agogo akutsika kabaza mochita kugwiriziridwa. Anati awatumiza kuchipatala chachikulu m'tauni, akagonekedwa. Mayi aang'ono anandipeza ndikupinda zovala za agogo.

"Longedzanso zako, mwanawe. Mayunifolomu, makope, zonse. Ukakhala nafe ku Nathenje."

"Mpaka liti?"

Anawerama n'kuyamba kukulunga mphasa yanga.