Tinsalu ta pa Mtengo wa Mapichesi

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri, chisanu chitandilowa m'mafupa. Kwathu ku Ntengo-Wambalame nyengo yozizira sachita nayo masewera, ndipo ine amene ndinakwatiwa ku Furancungo ndinali nditayamba kuiwala. M'nyumba ya siwa nyimbo zinali zitatha. Amayi a mpingo amene anachezera kuimba anali atagona mothithikana pamphasa, atafunda makapulana, zitenje za kuno, mpaka kumutu. Pakati pathu panali bokosi la mana Rosa, mkulu wanga, kandulo ikuthera kumutu kwake. Chitseko chinali chotseguka pang'ono, chonsecho ndinachitseka ndekha tisanagone.

Ndinatuluka kuti ndikataye madzi. Nkhungu inali itaphimba mudzi wonse, moti amuna amene anagona mozungulira moto ndinkangowamva kutsokomola osawaona. Kuseri kwa nyumba yophikiramo kuli mtengo wa mapichesi, nthawi imeneyo utayoyola masamba onse. Pa nthambi ya m'munsi, mbali yoyang'ana kumpanda, panali tinsalu tong'ambidwa ku kapulana yakale. Tinali tochapidwa kumene, madzi akudontha.

Malowo ndinkawadziwa. Nthawi yonse imene mana Rosa ankataya magazi, ankadzuka usiku kukachapa tinsalu tawo n'kutiyanika pa nthambi yomweyo kuti amuna asatione. Koma dzulo lake, titatha kuwasambitsa, tinatolera tinsalu tawo tonse n'kutiika kumapazi m'bokosi, popeza zotere sizitsala mwini wake akapita. Mfundo ya phukusi lake ndinamanga ndi manja angawa.

Ndinaima pomwepo ndikutiyang'ana. Mayi wina wachikulire wa mudzi woyandikana nafe, amene ananditsatira kumbuyo, anaona zomwezo. Anachita chizindikiro cha mtanda n'kunong'ona kuti, “Wabwerera kudzachapa.” Dzuwa lisanaboole nkhungu, nkhaniyo inali itafika pa moto uliwonse.

Ine si munthu wotsutsa zinthu zotere, ndinakulira konkuno. Koma ndili ndi khalidwe loipa lofuna kugwira chinthu ndisanachiope, ndiye ndinagwira kansalu kamodzi. Kanali kozizira, kakununkhira sopo, ndipo pansi pa sopoyo panali fungo lija ndinalizolowera podwazika mana. Wakufa sataya magazi. Ndinadziwa pomwepo kuti mwa akazi amene tinagona m'nyumba muja, mmodzi anali ndi nthenda imene inapha mkulu wanga, ndipo ankaibisa monga anaibisira iwo. Zimenezi zinandiopsa kuposa mzukwa.

Nthendayo ndi khansa ya khomo la chiberekero. Kovidi asanabwere, azaumoyo oyendayenda, amene kuno timawatchula kuti brigada, anafika pasukulu ya kwathu n'kuyeza akazi m'tenti ndi vinagiri, madzi owawasa amene amapaka kuti chilonda chioneke. Tinapita atatu, amayi, mana Rosa ndi ine. Namwino anatiuza kuti pali kachilombo kamene akazi ambiri ali nako osadziwa, kamene amapatsirana mwamuna ndi mkazi, ndipo kamakhala phee zaka zambiri kasanayambe kudya munthu. Ine anandipeza ndili bwino. Koma mana, namwino anawauza kuti pali kachilonda kakang'ono kosavuta kuchiza, adzabwerenso brigada ikadzafika ulendo wina. Amayi anatuluka m'tenti akuseka, akuti munda wakale sauyendera mlangizi.

Brigada sinabwerenso. Kunabwera mashikara otseka pakamwa ndi mphuno, machapa onyamula anthu pamsewu anayamba kusowa, malire a ku Malawi anatsekedwa, ndipo m'mudzi munamveka kuti ukapita kuchipatala amakuuza kuti uli ndi korona, ukafa amakukulunga m'pulasitiki n'kukuika anthu achilendo, abale ako ali kutali. Mana ankaopa zimenezo kuposa imfa. Ankati akufuna kudzasambitsidwa ndi akwawo ndi kuimbiridwa usiku wonse. Ngakhale vasina, katemera wa atsikana woteteza ku kachilombo ka khansa kaja, atafika pasukulu, iwo anabisa mwana wawo m'munda wa kachewere, poganiza kuti ndi wa korona amene anthu ankati amatseka mimba. Pamene tinawakakamiza kupita ku Tete, madokotala anati tachedwa.

Zimene ankafunazo anazipeza tsiku limeneli, ndipo zinandipweteka kuziona. Anthu anabwera ngati nyerere. Ena anatsika m'mapiri wapansi, ena pa mota, njinga zamoto zija, atatuatatu, ena kuchokera kutsidya kwa malire, amene tinadziwana nawo pothawa nkhondo. Akazi ankafika atasenza ufa, nkhuni ndi kabichi, n'kuyamba kulira ali pampanda. Pa mafuwa panali migolo ya nyemba ndi kachewere, utsi wake ukukanika kukwera chifukwa cha nkhungu. Koma aliyense akatha kulira ankayamba wakasuzumira kuseri kwa nyumba yophikiramo. Palibe amene anayandikira mtengowo. Ana anawaletsa kudutsa mbali imeneyo, ndipo agalu okha ndi amene ankapitako.

Ine ndinalira pang'ono tsiku limenelo, ndipo ndikudziwa kuti ena anandinena. Maso anga anali pa akazi. Ndinkayang'ana amene akudzuka pamphasa anzake onse atachoka, amene wavala makapulana awiri, amene akupita kuseri kawirikawiri. Ndinakhala pafupi ndi mlamu wanga wamkazi ngati ndikumutonthoza, chonsecho ndikumununkhiza. Ndinachita chimodzimodzi kwa azakhali, kwa mayi wotsogolera nyimbo, kwa msuweni wina amene anaonda chaka chino. Paliponse fungolo ndinkalimva, koma m'nyumba yonse munali fungo lomwelo, ndipo gwero lake tonse tinkati ndi bokosi. Amayi anali atakhala pa thumba lopinda, atatsamira khoma kumutu kwa mwana wawo, osatuluka ngakhale kukadya. Iwo sindinawayang'ane kawiri. Anasiya kupita kumwezi ine ndisanakwatiwe, ndipo mayi amene wafedwa mwana sumufunsa chifukwa chake sakudzuka.

Adzukulu atatumiza mawu kuti manda atha, akuluakulu a banja anapatukira pambali. Anagwirizana kuti tinsaluto tipite ndi mwini wake, kuopa kuti angamabwere usiku uliwonse kudzatifuna. Bambo wina anatitola ndi ndodo yaitali n'kutiponya m'thumba la feteleza, nkhope atayang'ana kumbali. Ndinafuna kunena kuti akulakwitsa, kuti mwini wake ali moyo ndipo wakhala pakati pathu pomwepa. Koma mawu otere mkazi sawatulutsa pamaso pa amalume ake, ndiye ndinangoluma mlomo.

Pa mwambo, wolankhula m'malo mwa banja anati malemu anavutika m'mimba kwa nthawi yaitali. Dzina la nthendayo silinatchulidwe. Akazi mazanamazana amene anakhala pansi pamenepo anangoti mutu gwede, ena mwa iwo atanyamula kachilombo komweko. Akatekisita anapemphera, nyimbo inayamba, bokosi linatuluka.

Manda athu ali kutsidya kwa dambo, kupitirira minda ya tirigu. Nkhungu sinachoke tsiku lonse, inangokwera pang'ono n'kusanduka mawawa. Amene tinali kumbuyo sitinkaliona bokosi, tinkangotsata nyimbo imene inkamveka ngati ikuchokera pansi. Podutsa pa mlatho wa mitengo nyimbo inaduka, ndipo kwa kanthawi kunkangomveka mapazi m'matope. Amayi ankayenda pang'onopang'ono, akazi awiri atawagwira m'khwapa, ndipo ankaima kawirikawiri atagwira m'chiuno.

Atatsitsa bokosi, mdzukulu wina anakhuthulira tinsalu tija m'manda. Kamodzi kanagwa kotambasuka pamwamba pa bokosi, ndipo ndinaona maluwa ake ofiira ofwifwa pa nsalu yobiriwira. Mtima unandiuza kuti ndinaionapo kapulana imeneyo, koma dothi linakwirira ndisanakumbuke. Kumbuyo kwanga wina anapumira m'mwamba mwamphamvu. Nditacheuka, ndinangoona nkhope zambiri zonyowa, zonse zikuyang'ana pansi.

Titabwerera anthu anasamba m'manja pampanda, anadya, n'kuyamba kubalalika mdima usanagwe. Palibe mlendo amene anafuna kugona pamudzipo, ngakhale amene poyamba anati akhala mpaka tsiku lometa. Mlamu wanga, mwamuna wa malemu, anatenga ana n'kukagona kwa mbale wake. Tinasesa m'nyumba, tinatulutsa mphasa zonse, tinatsegula mawindo. Madzulo atafika tinatsala awiri, amayi ndi ine.

Ndinakhala pakhonde ndikumvetsera moto wa panja ukuzima. Kenako ndinazindikira kuti fungo lija silinachoke. Bokosi linali kutsidya kwa dambo, pansi pa dothi, koma fungolo linali m'nyumba monga m'mawa. Ndiyeno kuchipinda kunamveka kaphokoso ka nsalu ikung'ambidwa pang'onopang'ono, ngati munthu sakufuna kuti amveke.

Ndinalowa osaodira. Amayi anali atakhala pa thumba lawo lija, akung'amba chotsala cha kapulana yobiriwira ya maluwa ofiira. Ndi imene anandiberekera pobwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Sanadzidzimuke, ndipo sanaibise.

“Amayi, zinayamba liti?” ndinafunsa.

“Chaka cha mashikara.”

“Ndiye m'tenti muja anakuuzani chiyani?”

“Zomwe anamuuza mkulu wako. Kuti ndidzabwerenso.” Anang'amba kansalu kena n'kukapinda bwinobwino. “Ndikanati ndinene, iwe ukanadwazika ndani? Manja ako ndi awiri okha.”

Ndinakwiya, ndipo ndinalira kulira kumene ndinakusunga tsiku lonse. Ndinawauza kuti mawa kukangocha tikwera mota kupita kuchipatala ku Tsangano, ndipo akatitumiza ku Tete tipita. Anati sangachoke pamudzi tisanamete. Ndinati tsitsi lidikira.

Anayang'ana tinsalu tatsopano pamiyendo pawo.

“Unaona zimene anachita kumanda kuja,” anatero motsitsa mawu. “Magazi anga atsogola kale, mwanawe. Ali ndi Rosa.”

Nanenso ndinaona, ndipo sindinaletse pamene ankatola tinsalu tawo ndi ndodo. Ndinapita kwa bambo wa mota woyandikana nafe n'kumuuza kuti afike kusanache. Pobwerera ndinadutsa pa mtengo wa mapichesi, nthambi ija ili yokha, ikudontha mawawa. Ndinatseka chitseko, ndinayala mphasa yanga mopingasa pakhomo, ndipo ndinagona ndikumvetsera kupuma kwa amayi.