Chigamba Chofiira pa Mapu a Telala

A Telala analibe matako. Umu ndi mmene akazi awo ankanenera, ndipo palibe anawatsutsapo. Munthu wosoka amayenera kukhazikika pampando, koma iwo ankasoka msoko umodzi n'kunyamuka, kukasuzumira kumsewu, kubwerera, kugwira simbi, kuisiya, n'kuyamba kufunafuna tepi imene ili m'khosi mwawo momwe. Shopu yawo inali kachipinda kamodzi pakati pa ometa tsitsi ndi okonza mafoni. Pasimenti panali patasalala kanjira kochokera pamakina kukafika pakhomo.

Loweruka lililonse masana ankakankha chitseko, kuchotsa nsalu za makasitomala patebulo lodulira, n'kuyalapo dziko lawo.

Zonsezi zinayamba ndi jekete. Zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, kasitomala wina analisiya kuti alifupikitse mikono, ndipo sanabwerenso. M'thumba munali dayisi lachilendo la mbali makumi awiri ndi kabuku kopanda chikuto. Kabukuko kankafotokoza masewera amene anthu amakhala mozungulira tebulo, aliyense n'kudzipangira munthu wake wongopeka. Mmodzi amatsogolera nkhani, kuwauza anzake zimene akuona ndi zimene zawagwera. Osewera amanena chimene munthu wawo akufuna kuchita, dayisi n'kugamula ngati zatheka. Aphunzitsi, mnzawo wa a Telala amene anali atapuma ntchito, anakawerenga mpaka kumapeto n'kunena kuti malamulo ake achuluka kuposa a m'chipinda cha mayeso. Anataya ambiri, n'kulemba awoawo m'kope la masamu.

Wotsogolera anali a Telala, chifukwa ndi ntchito yokhayo imene munthu angaigwire chiimire. Osewera anali anayi. Aphunzitsi anali wamatsenga woiwalaiwala. Makaniko wa kugalaja ya kuseri, mwamuna wa manja akuda ndi oyilo, anali chimphona choopa nkhuku. Mlamu wawo, nesi, mng'ono wa akazi awo, anali mbava, ndipo ankaba bwino moti anthu ankamuyang'ana kawiri. Akazi awo anali mlenje. Iwo ndiwo ankati pakapita kanthawi amvekere, "Bambo, khalani pansi, mukundizunguza mutu," a Telala n'kuyankha kuti inde, koma osakhala.

Lamulo limene ankalinyadira linali la mabatani. Wosewera aliyense ankatenga mabatani atatu m'chitini. Akaika limodzi patebulo, chimene wanena chinkakhala choona m'dzikomo, ndipo wotsogolera sankaloledwa kukana. Wotsogolera yekha sankapatsidwa batani. Wina akapanga malo atsopano, mudzi kapena mtsinje, ankawasokerera chigamba pa chinsalu chachikulu chimene chinali mapu awo. Mwa njira imeneyi dziko linakula ndi zotsala za masiketi ndi mathalauza a anthu. Nyanja inali ya yunifomu ya sukulu, chipululu chinali cha suti ya mkwati wina amene ukwati wake unatha usanafike tsiku.

Loweruka lomaliza limene akazi awo anasewera, matenda anali atawadya kale. Anavala juzi yawo yobiriwira ija yosowa batani limodzi, imene a Telala ankaidandaula kuti mkazi wa telala sayenda chonchi pagulu. Anaika batani la m'chitini patebulo n'kunena kuti kumpoto kwenikweni kuli phiri lofiira, ndipo pamwamba pake pali chitseko. Makaniko atafunsa za kuseri kwa chitsekocho, iwo anangoti mudzaona mukadzafika. Chigambacho anasoka okha ndi manja ali pabedi, mbali zonse zinayi, ndipo pansi pake anaikapo kanthu. Malinga ndi kope la Aphunzitsi, chigamba chotsekedwa chotero sichimasulidwa mpaka anthu a osewera atafikapo. Patangotha milungu itatu, mayiwo anatisiya.

Masewera anayambiranso patapita miyezi, mipando ikadali isanu. Pa wachisanuwo, umene unali wa akazi awo, ankaikapo chitini cha mabatani. Poyala mapu, chala cha a Telala chinkapita chokha pa chigamba chofiira. Akadina, pansi pankamveka pepala lopindidwa kambirimbiri. Anali otsimikiza kuti ndi kalata. Sizasi inali pomwepo, ulusi unali wongodula kamodzi, koma munthu amene wakhala zaka akukaniza anzake kubera sakanayamba yekha.

Vuto linali lakuti osewera sankapita kumpoto. Anamanga nyumba ya alendo pamphambano, pakati penipeni pa mapu, n'kukhazikika pamenepo ngati alipidwa. Zaka ziwiri zathunthu anazithera pokangana za mbuzi za oyandikana nawo, pofunira chimphona mkazi, pothamangitsa mzukwa umene unkamwa mkaka m'khitchini. A Telala ankawatumizira alendo ochokera kumpoto ndi nkhani zokoma za phirilo. Mbava inkawabera alendowo nsapato, wamatsenga n'kuwapatsa chipinda, nkhani n'kuthera pomwepo. A Telala ankazungulira tebulo akukukuta mano. Ankati anthu awa ndi aulesi, ndipo ankawakwiyira ndithu, ngakhale ankawakonda.

Kenako maso anayamba kuchita chifunga. Singano inkawazemba, msoko unkakhota, ndipo kasitomala wina anabweza thalauza la miyendo yosiyana. Mwana wawo wamkazi, amene amakhala kutali ulendo wa tsiku lonse pabasi, anabwera n'kunena mosapita m'mbali kuti pakutha pa mwezi adzawatenga, shopu itsekedwe. A Telala anawerenga pakalendala ndi chala. Panatsala Maloweruka anayi, ndipo kuchokera kunyumba ya alendo kukafika kuphiri, pa mayendedwe a anthu amenewa, unali ulendo wa chaka.

Loweruka loyamba anawapempha mwaulemu kuti anyamuke. Makaniko anati chimphona chili ndi apongozi oti chikawaone. Nesi anati mbava ili ndi chimfine. A Telala anatuluka panja katatu konse kukapumira mpweya.

Loweruka lachiwiri ndi pamene analakwa. Lamulo linkati tsoka limagwa pokhapokha dayisi la wotsogolera likaonetsa zitatu kapena zochepera. Iwo analiponya kuseri kwa chivundikiro cha makina, n'kulitola msangamsanga, n'kulengeza kuti moto wabuka m'khitchini. Anaufotokoza bwino motowo, mwina bwino kuposa chilichonse chimene anafotokozapo: denga likugwa, mbuzi zikulira, chikwangwani chimene chimphona chinasema chikusanduka khala. Anatenga kansalu kakuda n'kukabaya ndi mapini pamwamba pa nyumba ya alendo. Anamaliza ndi kunena kuti misewu yonse yatsekedwa ndi utsi, kupatula wa kumpoto.

Kumbali kunkamveka makina a ometa tsitsi.

"Alamu," anatero nesi, "dayisi linaonetsa zingati?"

A Telala anati ziwiri.

"Ndinaliona pagalasi loyezera zovala. Linali khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Inuyo maso anu sakanawerenga n'komwe pamtunda umenewo."

Mawuwo anawalasa kawiri. Aphunzitsi anatsegula kope, kulitembenuza uku ndi uku, n'kunena motsitsa mawu kuti palibe lamulo la wotsogolera wobera, chifukwa palibe anaganizapo kuti lidzafunika. Makaniko anatola nati ya galimoto imene inkaimira chimphona chake pamapu, kuiika m'thumba la ovololo, n'kutuluka. Nyumba ija iye ndiye anaiyamba ndi batani lake, mwezi umene mkazi wake weniweni anamuchokera.

Nesi anatsalira kupinda mapu. A Telala, manyazi atasanduka ukali, anamufunsa chimene akhala akukokera miyendo zaka ziwiri zonsezi.

"Mukuganiza kuti timakonda mbuzi?" anatero nesi. "Timakuonani mukusisita chigambacho Loweruka lililonse. Tinagwirizana kuti tisafikeko. Tinkaopa kuti tikachitsegula, simudzakhalanso ndi choti mudikire."

Loweruka lachitatu sikunabwere munthu. A Telala anayala mapu okha. Anayenda kanjira kawo kaja, pamakina, pakhomo, pamakina, mpaka wokonza mafoni anasuzumira kufunsa ngati ataya kanthu. Anatenga sizasi n'kulowetsa nsonga yake pansi pa ulusi woyamba wa chigamba chofiira. Misoko ya akazi awo inali ing'onoing'ono, yolingana, kupatula kumapeto kumene dzanja linali litatopa. Panalibe wowaona. Anaima choncho nthawi yaitali, mpaka anazindikira kuti akachitsegula okha, chidzakhala chinthu chobedwa, ndipo mwini wake anati mudzaona mukadzafika, osati ukadzafika. Anachotsa sizasi. Anazula mapini a kansalu kakuda kaja limodzilimodzi, ena akuwabaya zala.

Kansaluko anakatenga n'kupita nako kugalaja. Makaniko anali pansi pa galimoto, miyendo yokha ili panja. A Telala anapepesa kwa miyendoyo. Ananena kuti moto uja sunachitike, kuti dayisi linaonetsa khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndiponso kuti chikwangwani chikadali pamalo pake. Pansi pa galimoto panamveka sipanala ikugogoda kwa kanthawi. Kenako dzanja lakuda linatuluka, kulandira kansaluko, n'kupukutira oyilo.

Loweruka lomaliza shopu inali itayamba kale kukhala ya eni ake ena. Makina anali atamangidwa m'katoni, mashelefu ali mbee, kalendala itachotsedwa n'kusiya chizindikiro pakhoma. Tebulo lokha ndi mipando isanu ndi zimene zinatsala. Onse atatu anabwera. A Telala anayamba bwinobwino, kuti kwacha kunyumba ya alendo, mbuzi zalowanso m'munda. Anali atatsimikiza kuti akafuna kutha tsiku lonse ndi mbuzizo, awasiya.

Makaniko anaika batani patebulo n'kunena kuti chimphona chakhoma nyumba, makiyi chawasiyira apongozi. Anaikanso lina, kuti chanyamula anzake paphewa. Aphunzitsi anaika lawo, kuti wamatsenga wakumbukira mawu oumitsa mtsinje, koyamba m'zaka zisanu ndi chimodzi. Nesi anabera mlonda wa pamlatho, anabera mfumu ya m'mapanga nyali, anaberanso mphepo njira yake, chinthu chimene Aphunzitsi anati sichimveka koma batani ndi batani. Pakati pa njira dayisi linawakana kawiri. Chimphona chinakumana ndi tambala pachigwa n'kubwerera mtunda wa theka la tsiku, ndipo a Telala analola kuti zikhale choncho. Batani lachisanu ndi chinayi litagwa patebulo, nati ija, chotsekera cholembera ndi kachivundikiro ka botolo la mankhwala, zoimira anthu a osewera atatuwo, zinali zitaima pa chigamba chofiira.

Nesi anapatsa a Telala sizasi. Ulusi sankauona, koma zala zinkadziwa ntchito yake. Pansi panali pepala lofiirira, lija lodulira mapatani, lopindidwa kasanu ndi kamodzi. Analitambasula n'kuliyandikiza kumaso, kenako n'kulipereka kwa Aphunzitsi kuti awawerengere. Aphunzitsi analiyang'ana mbali zonse ziwiri n'kupukusa mutu. Panalibe ngakhale chilembo chimodzi.

A Telala zinawawawa kwambiri. Zaka ziwiri akhala akupanga kalatayo m'mutu mwawo, mawu ake oyamba, ndi pamene mayiwo akanawaseka. Anatembenuka kuti apite pakhomo, monga mwa chizolowezi chawo, koma phazi linaponda kanthu kamene kanagwa m'pepalamo n'kugubuduka. Makaniko anawerama n'kukatola. Linali batani lamtengo, la mabowo anayi. A Telala atangoligwira analidziwa. Linali la juzi yobiriwira ija.

Anayamba kunena kuti wotsogolera sakhala ndi batani. Aphunzitsi anavala magalasi, kutsegula kope, n'kuwerenga ndi mawu a m'kalasi kuti wotsogolera satenga batani m'chitini.

"Ili silinachoke m'chitini," anatero Aphunzitsi, n'kutseka kope. "Tili pachitseko, bwanawe. Tiuzeni zimene zili kuseriko."

Zaka zonsezi a Telala ankafotokoza dziko la anthu ena. Sanaikemo mudzi, ngakhale chitsime, chawochawo. Anazungulira tebulo kamodzi, batani lili m'dzanja. Anazunguliranso. Palibe anawafulumizitsa. Kunja basi inaima, kutsitsa anthu, n'kunyamuka.

Analiika patebulo, pakati pa chigamba chotseguka.

"Chitseko n'chosakhoma," anatero. "Mkati ndi kachipinda kakang'ono. Muli tebulo ndi mipando isanu. Mlenje anafika kale, wavula nsapato. Akuti mwachedwa."

Nesi anali ataphimba kumaso ndi manja onse awiri. Makaniko anafunsa ngati mlenjeyo wanenanso china.

A Telala anagwedeza mutu movomera. Anapita pampando wachisanu uja, kuchotsapo chitini cha mabatani, n'kuchiika pansi pang'onopang'ono kuti chisachite phokoso. Kenako anakhala.