Kandege koyeza chimanga kanagonetsa azakhali m'ngalande

Lachiwiri ndinali pa purazi ina, famu yaikulu kufupi ndi Macheke, kukaona azakhali anga, a Mai Zuze, omwe amapalira m'munda wa chimanga. Dzuwa lili paliwombo, kandege kopanda woyendetsa kanayamba kulira pamwamba pathu, kakutsata mizere. Azakhali anaponya khasu n'kudzigwetsa m'ngalande.

"Mwanangu, gona pansi! Akusaka ife opanda zitupa."

Musaseke. Azakhali anabadwira pa komboni ya antchito a purazi yomweyo, koma agogo anachoka ku Tete opanda pepala lililonse, ndiye mpaka lero azakhaliwo chitupa alibe.

Ndinalimba mtima n'kupita kumapeto kwa munda. Kumeneko ndinapeza mayi wina wofufuza za ulimi akuwongolera kandegeko. Anandifotokozera modekha kuti tsamba likamapanga chakudya ndi dzuwa, limatulutsako kuwala kofiira kochepa kwambiri, kosaoneka ndi maso. Makina a pa kandegeko amayeza kuwalako. Mbewu ikamva ludzu kapena ikadwala, kuwalako kumasintha tsamba lisanafote, ndipo mlimi amathirira nthawi ikadalipo.

Nditamuuza kuti munthu wamkulu wagona m'matope chifukwa cha mantha, nkhope yake inagwa. Anatsitsa kandegeko, tinapita limodzi, ndipo iye anagwada n'kuwomba m'manja.

"Pepani amai. Ine ndinapempha chilolezo kwa mwini purazi, ndimayesa akuuzani."

Azakhali anayang'anitsitsa chithunzi cha munda chimene mayiyo anawaonetsa, akusasa matope pa chitenje. "Ndiye mukuti chibage, chimanga chathuchi, chimawala? Maiwe! Nanga anthu simukuwaona?"

"Makinawa amaona masamba okha, amai."

Azakhali anaseka n'kutola khasu.

Ine kandegeko sindikudana nako. Mvula ya masiku ano njosadalirika, ndipo munda ukapsa, woyamba kuchotsedwa ntchito ndi wa pa komboni. Mayi uja akugwira ntchito yotithandiza tonse.

Chimene chikundipweteka ndi chizolowezi cha m'mapurazi athu. Chinthu chatsopano chikabwera, amadziwa ndi mwini purazi ndi foromani basi. Ogwira makasu amangoona chafika pamutu pawo. Kukanavuta chiyani kuwasonkhanitsa m'mawa n'kuwauza m'chinenero chawo?

Ofufuza akuti abweranso chimanga chikamasula ngayaye. Inu a foromani, tsikulo anthu anu mudzawauza, kapena adzamvanso ndi kulira kwa injini?