Phazi Lozizira la Bambo Anga

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 5 ku Malindi, pamene phazi la bambo anga linayamba kuzizira. Anali msilikali wopuma, kwawo ku Ntcheu, koma anakhazikika kwawo kwa amayi kuno kunyanja. Ngakhale mu Okutobala, mchenga ukuotcha, phazi lawo lakumanzere linkakhala ngati laviikidwa mumtsuko. Popita kumsika ankaima katatu, atagwira katumba. Kenako chala chachikulu chinada. M'mawa uliwonse ndinkachitsuka ndi madzi amchere, ndipo fungo lake ndinkapita nalo kusukulu m'manja.

Tsiku lina kunabwera uthenga woti madokotala ochokera ku Blantyre akufuna kuyeza mitsempha ya magazi ya asilikali opuma. Amayi anali ndi khanda, choncho ndinawaperekeza ndine pamatola mpaka kuboma. Bambo anavala jekete ya mamendulo. Pabenchi panali madala ambiri, ena ndi ndodo, akuitanana ndi maudindo akale: aSajeni, aKopolo.

Dokotala wina, mayi wamagalasi, anawapaka mafuta n'kugunditsa kachipangizo paphazi. Kumanja kanalira fuu, fuu, kusonyeza kuti magazi akuyenda. Kumanzere kunali zii. Anasunthira pena, ziibe. Analemba zambiri papepala.

Ine ndinkadikira mankhwala. Nditaona kuti akutsazikana, ndinaiwala ulemu n'kufunsa kuti opaleshoni yotsegula mtsempha adzawachita liti. Mayi uja ananjuta kuti tilingane msinkhu. Anati iwo akuchita kafukufuku wofuna kudziwa mmene matendawa akugwirira asilikali akale. Odziwa opaleshoni imeneyo ndi ochepa, ndipo kwa bambo nthawi inali itatha kale. Chimene akanatha n'kuwalembera kalata yoti akadulidwe mwendo.

Pobwerera ndinalira ndi mkwiyo. Ndinati anthu aja atinamiza.

"Sanatinamize, mwanawe," bambo anatero. "Anandiuza ndisanasaine. Ndavomera ndikudziwa."

"Ndiye mwapindulanji?"

"Ine palibe. Kunkhondo wakutsogolo amaponda bomba, am'mbuyo n'kudziwa poyenda."

Mwendo anaudula mvula isanagwe. Patatha chaka, winawo unayambanso kuzizira, ndipo bambo anakana kubwerera kuchipatala. Anamwalira ndili mu Sitandade 7.

Lero ndine mphunzitsi ku Nkhudzi. Zimene madokotala aja anapeza sindinazimvepo. Mwina zinalembedwa m'buku kwinakwake. Ndamvetsa tsopano kuti munthu angathe kupereka thupi lake kuti ena aphunzirepo, akudziwa kuti iye sachira, ndipo kuti kumeneko si kupusa. Koma mwezi watha ndinakazonda aneba anga, nawonso msilikali wopuma, atagona ndi mwendo umodzi. Anachedwanso, anatero madokotala. Mwana wawo wamkazi anali pakhomo, akusamba m'manja mobwerezabwereza. Ndinafuna kumuuza mawu a bambo aja, koma ndinangomuthirira madzi m'manja. Am'mbuyo akupondabe pomwepo.