Madzi a m'Nsungwi

Kuseri kwa chitseko changa kumakhala chitsulo chakuda, chophwatalala kunsonga ngati mlomo wa bakha. Adzukulu anga ayesa kangapo kuchigulitsa kwa ogula zitsulo zakale. Ndinawauza kuti ayambe agulitsa ine, poti dzimbiri landidya kuposa icho.

Chitsulocho anabwera nacho amalume chilimwe chimene amayi anatsimikiza zomanga nyumba ya njerwa. Bambo anali atalowera ku Joni kalekale, ife tikugona m'kanyumba kophoma, kachitseko ka bango koti ndi mbuzi yomwe inkangokankha n'kulowa osaodira. Amayi anati mvula isawapezenso mmenemo. Njerwa ziumbidwe, ziume, ziotchedwe mitambo isanayambe kuunjikana paphiri la Chambe.

Tsono njerwa ndi madzi, abale anga. Mpopi m'mudzi unalipo, watsopano, wa mapaipi ochokera kuphiri, ndipo amayi omwewo anakumba nawo ngalande yake mpaka matuza m'manja. Koma unaima pakhomo pa atcheyamani a chipani, bambo wa chipewa cha nthenga, amene ankakonda kupatukira kwathu dzuwa likapendeka kudzafunsa ngati bambo anga amveka. Amayi ankawayankhira pabwalo, atandigwira paphewa kuti ndisachoke. Tsiku lina sanawapatse mpando. Kutacha lamulo linatuluka: madzi a pampopi ndi akumwa, osati oumbira njerwa, ndipo banja lathu lizitunga ndowa imodzi basi.

Ine ndinkayesa kuti nkhani ndi khadi la chipani, poti masiku amenewo wopanda khadi msika wa Chitakale ankangouonera patali. Koma khadi amayi anali nalo, lomangidwa pamfundo ya nsalu.

Azimayi a m'mudzi, amene mwa chizolowezi akanabwera kudzatithandiza kutunga n'kumwa thobwa, onse anadwala msana nthawi imodzi. Sindikuwanena ayi. Nthawi imeneyo munthu ankatha kuitanidwa kukayankha funso limodzi, abale ake n'kumudikira mpaka chimanga kucha.

Amalume anali osenza matabwa a mkungudza kuchokera pa Chambe kutsikira ku Likhubula, munthu amene katundu anamukanikiza khosi mpaka mutu kukhala pamapewa. Anamvetsera zonse akutafuna nzimbe, kenaka ananena chapansipansi m'Chilomwe kuti mpopi ndi wawodi, nanga phirili analigulira khadi ndani? Amayi anawatsina, n'kuyang'ana kunjira. Koma m'mawa mwake anali amayi amene ananola chikwanje.

Kumtunda kwa munda wathu kunali kamtsinje kosaphwa. Tinadula nsungwi, amalume n'kumazing'amba pakati, ine n'kumagogomola mfundo za m'kati ndi chitsulo chija kuti madzi apeze njira. Tinazigoneka pamphanda, ina kulavulira mu inzake, kumanga ndi luzi, kumata polumikizira ndi dothi la pachulu. Aphunzitsi anatumiza mawu kuti ndikapitiriza kujomba ndidzakhala mbuli. Sananame, Mulungu awasunge.

Tsiku limene madzi anafika, ndinathamanga nawo kuyambira kumtsinje, iwo m'nsungwi ine pansi, ndipo anandipitirira. Anagwera m'dzenje la dothi atanyamula tsamba louma ndi kankhanu kakang'ono kodabwa. Anali ozizira opweteketsa mano, onunkhira mwala. Amayi sanalulutire. Anasamba kumaso, n'kukwinya nsalu, n'kulowa m'matope.

Chikombole chinayamba kulira phwa! phwa! kuyambira mbandakucha. Njerwa zinandanda pabwalo, titazifunda udzu.

Lamulungu tikuchokera kutchalitchi tinapeza dzenje lili gwa. Pamene nsungwi zinkadutsa pafupi ndi njira, mphanda zinali zitazulidwa, nsungwi zitapondedwa. Aliyense ankadziwa kuti ndi anyamata a malaya ofiira, otumikira atcheyamani, koma aliyense sanaone kanthu. Tinakonza. Lamulungu linalo anabweranso. Nsungwi zabwino zinayamba kutha, ndipo madzulo ena kuseri kwa phiri kunamveka kugunda.

Apa ndiye nzeru za mbuli zinagwira ntchito. M'mbali mwa kamtsinje kaja munali chitedze, mbale wake wa kalongonda amene sanalangidwe. Ndinachithyola ndi timitengo tiwiri, mpweya nditaugwira, n'kuchikulunga m'tsamba la nthochi. Loweruka ndinakachipaka pamphanda zonse za kunjira, china n'kuchipachika m'luzi. Musandifunse ngati ndinalapa. Nditachipeza lero ndikhoza kupakanso.

Potuluka m'tchalitchi tinawapeza pampopi anyamata atatu, malaya ofiira ali pansi, akudzikhula ndi mchenga, akuvina gule wopanda ng'oma. Amayi anaima, n'kuwomba m'manja mwaulemu wonse.

"Pepani ana anga. Kodi ndowa imodzi ikukwanani?"

Kukadandaula anyamatawo sakanatha, poti akanayamba ndi kufotokoza chimene ankafuna pansungwi zathu. Komabe kunyumba amalume sanaseke. Anandikoka khutu, n'kusamutsira mphasa yawo pakhonde pathu, chitsulo chija chili pambali.

Patapita masiku, ndikuponda matope, ndinaona akazi a atcheyamani akubwera ndi ndowa pamutu. Mpopi unali pakhomo pawo, ukutuluka bwinobwino, koma anaudutsa. Ndinathamangira kukaima pakamwa pa nsungwi kuti ndiwakanize, amayi n'kundikankhira kumbali. Anawatula ndowa, kuwatungira okha, kuwasenzetsa. Mayi aja anayang'ana njerwa, anayang'ana kachitseko kathu ka bango, ndipo ananena mawu ochepa:

"Muikedi chitseko cholimba, anzanga."

Anabwerera podzera pakati pa mudzi, pang'onopang'ono, madzi akutayikira pamsana, kuti aliyense aone kumene atunga. M'mawa mwake misana ya azimayi onse inachira.

Uvuni tinauyatsa mitambo itada kale, ndipo mvula yoyamba inagwera pa njerwa zofunda. Nyumba inaima. Amalume anatsitsa mkungudza kuphiri n'kukhoma chitseko cholemera, chonunkhira mpaka m'zovala, ndipo chitsulo chija chinakhala mpiringidzo wake. Tsiku loyamba kugonamo amayi anadzuka dzuwa lili pamutu, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo.

Ndinawafunsa kuti chitseko chonsechi n'cha chiyani, poti kambuku wa kuphiri sanafikepo pamudzi pathu. Anandiyankha akupukuta m'maso kuti akambuku ena amagogoda.

Ndinaseka mpaka kugwa pansi. Kambuku wogogoda! Ndinathamanga kukawauza anzanga kudambo kuti amayi anga ndi anthabwala kuposa amalume.