Chigamba pa Khola la Udzudzu

Alamu anga, mng'ono wa malemu amuna anga, anaweta udzudzu zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anthu amaseka ndikanena zimenezi, koma inali ntchito yeniyeni, kunyumba ya kafukufuku ya sukulu ya madokotala. Ndi iwo amene anandipezera ntchito yochapa majasi kumeneko amuna anga atatisiya.

Ophunzira a kumeneko amafufuza chifukwa chake udzudzu wa masiku ano sukufanso ndi mankhwala a m'maneti. Kuti ayese mankhwala atsopano, pamafunika udzudzu woweta, umene sunakhudzepo mankhwala chibadwire. Umenewo unali m'manja mwa alamu. Chipinda chawo chinali chotentha, chachinyezi, chodzaza mabeseni a mphutsi ndi makola a neti yoyera yopanda mankhwala. Chakudya cha mphutsi ankachiyeza ndi nsonga ya supuni. Pakapita masiku atatu ankapisa mkono m'khola kuti udzudzu waukazi uyamwe magazi, uikire mazira.

"Alamu, magaziwo adzakutherani," ndinkawaseka.

"Bola uwu umayamwa n'kukhuta," ankayankha. "Abale ena sakhuta."

Lamulo la nyumbayo ndi lakuti m'chipinda choweteramo umavala jasi la buluu, m'chipinda choyeseramo mankhwala jasi loyera, ndipo kanthu ka uku sikapita uko. Ngakhale ine pochapa, mtundu uliwonse uli ndi beseni lake.

Loweruka lina alamu anapempha kuti aperekeze mkazi wawo kuchipatala. Makiyi anasiyira mtsikana wa chaka chomaliza, amene anzake ankamutcha Shasha. Lolemba m'mawa udzudzu wonse wa m'khola lalikulu, lobereketsa, unali mbwee pansi, wakufa. Tsiku lomwelo, ndikupisa m'matumba ndisanachape, ndinapeza sizasi ndi kansalu ka neti yobiriwira m'jasi la buluu la Shasha. Neti yobiriwira ndi ija ya mankhwala.

Ndinathamangira kwa alamu.

"Ndaona kale," anatero motsitsa mawu. "Khola linang'ambika pakona, mwanayo anasokapo chigamba. Ankafuna kuthandiza. Watsala ndi miyezi iwiri kuti amalize, tisamuwonongere. Mphutsi zilipo, m'masabata atatu khola lidzadzanso."

Lachitatu anawapatsa kalata yowachotsa ntchito. Analembamo kuti anali osasamala. Akuluakulu akunja othandiza kafukufukuyo ankafuna kudziwa wolakwa, ndiye a sukulu anawapatsa munthu wopanda digiri. Osasamala! Munthu amene mkono wake uli zipsera zokhazokha, amene anasiya sopo wonunkhira zaka zonsezo kuopa kusokoneza tizilombo ta eni!

Ine si munthu wolankhulalankhula. Ngakhale kutchalitchi ndimakhala kumbuyo. Koma tsiku limenelo ndinapemphera, ndinavula epuloni, n'kukagogoda kwa Pulofesa, mkulu wa nyumbayo. Ndinaika kansalu kaja patebulo pawo n'kufotokoza zonse. Anakakankha ndi cholembera.

"Mayi, tamvani. Mtsikana ameneyu ndiye tsogolo la kafukufuku wathu. Nkhani inatha. Inu samalani za sopo."

Patapita sabata ziwiri Shasha anatulukira kunyumba kwa alamu, ine ndili komweko. Anali ndi kope m'manja, maso ali pansi. Mphutsi zinali kufa, ndipo onse ophunzira aja palibe amene ankadziwa chifukwa.

"Madzi akuchita thovu pamwamba?" anafunsa alamu.

"Eya, bambo."

"Mukuzidyetsa ngati ana a nkhumba. Chepetsani, mwanawe. Nsonga ya supuni basi, ndipo madzi a pampopi agone kaye tsiku lathunthu."

Anamufotokozera kwa ola lonse, mtsikanayo akulemba. Mtsikanayo ataimirira kuti azipita, ndinalephera kudzigwira.

"Nanga za kalata ija, mwana wanga? Ukudziwa amene anasoka chigamba."

Analira. "Amayi, ndikangomaliza mayeso ndikanena zonse. Ndikulonjeza."

Mayeso anamaliza, anakhoza bwino, anamujambula zithunzi atavala mkanjo, ndipo anapita kunja kukapitiriza maphunziro. M'buku lake la kafukufuku, limene lili pashelefu ya m'khonde momwe ndimadutsa ndi dengu la zochapa, anathokoza Pulofesa, makolo ake ndi Mulungu. Ndinaliwerenga tsambalo kawiri.

Alamu anayesa ku nyumba zina ziwiri za kafukufuku. Konseko anafunsa kalata ya kumene anachoka, ndipo atawerenga mawu aja anawauza kuti adzawaitana. Lero amatsitsa matumba a simenti pa sitolo ya zomangira, munthu wa zaka makumi asanu, msana ukuwapweteka. Akuti anamukhululukira kalekale mtsikanayo.

Ine ndikafika pa mawu a pemphero akuti monga ifenso tikhululukira, ndimayamba ndaima. Mulungu akudziwa kuti ndikuyesetsa, koma sindinafikepo.